Mpando wa Malemu

Lachiwiri, 2 Seputembala 2003

Kalata yabwera. Intaviyu ya unzika pa 16, ku Indianapolis. Mafunso khumi, ndikhoze sikisi. Loya anati ndikalumbira Ida asanakwanitse zaka 21, mwana wanga abwera msanga. Ndikachedwa, alowa pamzere wa zaka zambirimbiri. Akwanitsa pa 20 Novembala. Akadali kwa alamu anga a Sosten ku Biwi, kuchapira ana awo. Zaka sikisi osamuona.

Lachisanu, 5 Seputembala

Mutu wa Sitandade 8 uwu, mayo ine. Belinda, mnzanga kuntchito kosamalira okalamba, amandifunsa pa buleki. Nthambi za boma zilipo zitatu, ine zimabwera ziwiri. Mizere ya pa mbendera ndimasokoneza ndi nyenyezi. Koma dzina la gavanala wa Indiana lokha ndaligwira. Belinda akuti ndimalitchula ngati ndikuitana nkhuku. Aseke, bola ndikhoze. Anandionetsanso mndandanda wa magavanala onse kuyambira 1816, azibambo a ndevu zawo. Ndati ine andifunsa mmodzi, enawo agone.

Lachitatu, 10 Seputembala

Gavanala uja anagwa sitiroko Lolemba ku Chicago. Pa TV nkhani ndi yomweyo. Wachiwiri wake, amene anali meya wa South Bend konkuno, ndiye akugwirizira mpando. Ndamupempherera wodwalayo. Ndisaname, ndapempherera yankho langa.

Miyendo kutupa. Shifiti ziwiri mawa.

Loweruka, 13 Seputembala

Wamwalira.

Belinda anaimba madzulo, akuti meya wathu uja walumbira kale, ndisinthe yankho. Ndamuuza kuti asamaname choncho, munthu sanazizire n'komwe. Akungogwirizira basi mpaka maliro athe. Anati shauri yanu, n'kudula foni.

Ndakwiya tsiku lonse. Sindinakwiyire Belinda ayi. Ndakumbukira 1996. Mwamuna wanga Lucious ali m'bokosi pabalaza, mchimwene wake a Sosten atakhala kale pampando wake wa ndalema, makiyi a golosale yathu ali m'thumba mwawo. Azimayi akuimba, iwo akufunsa kuti makiyi a kuchipinda ali kuti. Ida ataima pakhomo, akuyang'ana. Sindinawakhululukire, ndipo sindikufuna.

Dziko la malamulo ngati lino lingachite za a Sosten? Sindikhulupirira.

Lachiwiri, 16 Seputembala

A Mervin, mkulu wa mpingo, anandidiraivira. Maola atatu kuchoka ku South Bend. Mbendera zotsitsidwa njira yonse.

Wofunsa anali mtsikana waulemu, msinkhu wa Ida pang'ono. Asanu ndinakhoza, anayi ndinaphonya. Nthambi zija zinandithawa ndithu. Latsala limodzi. Gavanala wa boma lanu ndani? Mtima unati phee, langa lafika.

Mayina onse awiri ndinali nawo pakamwa. La meya uja ndaliona m'nyuzipepala zaka zonsezi, ngakhale mutandidzutsa kutulo ndingalitchule. Koma pawindo mbendera ili pakati pa mtengo. Mwambo wa maliro sunachitike. Kutchula wamoyo ndinaona ngati ndikupereka makiyi ndi manja anga.

Ndinatchula malemu.

Mtsikanayo anabwereza funso pang'onopang'ono, anatsindika mawu oti panopa. Anandipatsa mpata, Mulungu akudziwa. Ine n'kutchulanso malemu, mokweza.

Akuti ndidzabwerenso, adzandilembera tsiku.

A Mervin anaima pa Lafayette Road kugula ufa ndi nsomba zouma za akazi awo. Ine sindinatsike. Pobwerera anangoti, "Mayi a Ida, kuno salira kaye. Amalumbiritsa, kenako n'kulira."

Lachisanu, 19 Seputembala

Belinda sananene kuti ndinakuuzani. Bola akananena. Wangondisambitsira agogo a m'chipinda 12 ine nditakhala pansi.

Ida sindinamuimbire.

Lachisanu, 3 Okutobala

Kalata. Intaviyu yachiwiri pa 9 Disembala.

Ndawerenga masiku pa kalendala katatu, ngati asintha. Loya wati ayesa kupempha tsiku lapafupi. Wanena akuyang'ana mapepala, osati ine.

Lachinayi, 6 Novembala

Yankho la pempho la loya palibe. Chisanu chayamba. Dzina latsopano ndimalitchula m'basi popita ndi pobwera, mpaka mayi wina ananditembenukira. Nthambi zonse zitatu ndikuzidziwa tsopano. Za ntchito yanji.

Lachinayi, 20 Novembala

Ida wakwanitsa 21.

Ndaimba kwa aneba a a Sosten, anakamuitana. Mawu ake okondwa. Akuti wagula juzi yaikulu ya kaunjika, yofiira, yodzavala kuno. Waibisa pansi pa matiresi kuti ana a a Sosten asaitenge. Kenako watsitsa mawu. Akuti a Sosten amupezera mwamuna, mnzawo wa minibasi, wa akazi awiri kale. Akufuna yankho Khirisimasi isanafike. Iye wakhala akuwauza kuti amayi anga akunditenga.

"Amayi, mayeso aja munakhoza eti? Ndidikire?"

Ndati dikira, mwanawe.

Wafunsa kuti mpaka liti. Khadi loimbira foni linali lisanathe. Ndadula ndekha.