Ndadyera patebulo m'sitima

Lachisanu, Januwale, ku Onaiza, kuno kudziko la Aluya

Lero kumtima kwanga kuli mbee! Madamu amene ndimawagwirira ntchito ananditenga kukadya nawo m'sitima yaikulu yapamadzi imene yaima padoko, kuti ndizikawagwirira mwana. Titangolowa mulesitilanti, mwana anayamba kulira mpaka anthu onse kucheuka. Madamu anati, "Yalla, fulumira, tuluka naye." Ine ndinangomubereka ndi chitenje changa, ndipo anagona pomwepo.

Weitala wina anandinong'oneza kuti, "Achemwali, kuberekaku n'kwakwathu. Kumudzi n'kuti?" Kani ndi wa ku Ntcheu! Anandikokera mpando, madamu n'kuvomera ndi mutu.

Zaka zitatu kuno ndakhala ndikudyera kukhitchini, koma lero munthu wandifunsa chomwe ndikufuna kudya. Ndinasankha nsomba, ndipo ndinadya mosathamanga, mwana akupumira pamsana panga.