Penti pa Kachitsulo ka Alamu

Lachinayi, Ogasiti. Tsiku la nkhondo, mlomo watupa ngati mandasi.

Alamu anga a Kachingwe, oyendetsa boti la alendo ku Salima, anditulukira pa shedi yanga yowotcherera zitsulo pa Mponela pano, atanyamula pulopela ya botilo, ija imazungulira m'madzi, yodyekadyeka ngati chimanga cha anankafumbwe. Chaka chatha anandibweretsera injini ya botilo, ine n'kuipenta yonse waliwali, ndi kachitsulo kotuwa ka kunsi komwe.

"Mbuzi iwe! Kachitsulo kaja ndi zinki, sapenta! Amakaika dala kuti madzi azidya iko, pulopela ipulumuke!"

"Pepanitu alamu, kuno kumapiri timapenta chilichonse, ngakhale apongozi akaima nthawi yaitali."

Basi, pulopela ija pakamwa panga phaa! Ine n'kuwagwira pakhosi, tagubuduzana mpaka pamulu wa matimati a eni. Ndikanawaponya mpaka ku Bowe, kungoti ndine wachifundo. Atileretsa ndi a kabaza.

Dzino limodzi lapita, zilibe kanthu, atsala ambiri. Chondisowetsa mtendere n'choti bwana wa alamuwo akuti boti likapanda kuyenda Loweruka, ntchito yatha. Ndiye mlongo wanga ndi ana akewo azidzadya kwa ndani, ngati si kwa...