Khobidi Lachitatu

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Glasgow tilipo ndithu, kungoti ine mtima sukukhazikika. Kalata ino ndayiyamba katatu sabata ino. Ndikangolemba mizere iwiri ndimanyamuka, kusuzumira pawindo, kutsuka kapu yotsuka kale, n'kubwereranso. Mukanakhalapo mukanandiuza monga munkachitira: "Tiyamike, khala pansi, mpandowo suluma."

Ndiyambe ndi za kumudzi. Mng'ono wanga Chisomo anachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Pachithunzi chipumi chake ndi chanu chenicheni. Achimwene a Limbani akumba kachewere wambiri ku Tsangano chaka chino, koma chimanga chinapsa ndi ng'amba. Kuno mdzukulu wanu Tadala wayamba sekondale, amakwera basi yekha kuchokera ku Dennistoun. Ndikamufunsa m'Chichewa amayankhabe m'Chingerezi cha kuno, chija munkati chimamveka ngati munthu wavumata mbatata yotentha.

Koma chandilembetsa ndi makobidi atatu a golide aja, amene bambo anu anabwera nawo kuchokera kumigodi ku Joni atawasokera m'lamba. Munandipatsa kuchipatala atakulungidwa m'kansalu, n'kunena kuti, "Ana atatu, makobidi atatu, aliyense lake. Iwe usunge mpaka mudzagwirizane." Maliro atatha ndinabwera nawo kuno, ndipo akhala m'chitini cha tiyi pamwamba pa kabati nthawi yonseyi.

Mwezi watha Chisomo anaimba foni kuti lake ndimugulitsire, akufuna kufolera nyumba yake mvula isanayambe, poti pano pali khanda. Nditatchula nkhaniyi kutchalitchi, bambo wina amene amadziwa za malonda anandichenjeza kuti ndisapupulume. Akuti makobidi akale ngati amenewa sagulitsidwa pongoyeza kulemera kwa golide wake. Pali anthu amene amawasonkhanitsa, ndipo amalipira bwino ngati khobidilo lapimidwa ndi akatswiri. Umalitumiza papositi, iwo amatsimikiza ngati ndi lenileni, amalipatsa giredi malinga ndi mmene lasungikira, kenako amalitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kosatsegulika pokhapokha utakaphwanya.

Loweruka lotsatira ndinakwera sitima kupita m'tauni, kukasitolo kena kogula ndi kugulitsa makobidi akale. Mwini wake ndi bambo wachikulire wa konkuno, wolankhula pang'onopang'ono. Anawayala pansalu, n'kutenga galasi lokuzira zinthu. Choyamba chimene anafunsa n'chakuti, "Ndani ankawapukuta awa?"

Ndinayankha monyadira kuti ndi mayi anga, chaka chilichonse pa Khirisimasi, ndi phulusa ndi kansalu. Iye anapukusa mutu. Akuti phulusa limasiya timizere tosaoneka ndi maso, ndipo akatswiriwo adzalemba pakabokosipo kuti khobidili linapukutidwa, zomwe zimatsitsa mtengo. Amayi, ndinapsa mtima, ngakhale munthuyo sanalakwe. Ndinakuonani muli pakhonde, miyendo mutatambasula, mukuti, "Chinthu chikakhala chako, uzichipukuta." Ndiye anthu osakudziwani adzalembe zimenezo ngati chilema?

Kenako anayamba kuwaika pasikelo. Loyamba ndi lachiwiri anawayeza kamodzikamodzi. Lachitatu analiyeza kawiri, n'kulitembenuza, n'kuliyandikitsa kunyale. Anati, "Awiriwa ndilibe nawo nkhawa. Koma ili lapepukirapo, ndipo mtundu wake ndi wotumbuluka. Sindikunena kuti ndi labodza. Kungoti popanda pepala la akatswiri, ine sindingaligule."

Masabata awiri otsatira sindinakhale munthu. Ndikaweruka kuntchito ku Hillhead ndinkasiya sitima n'kuyenda wapansi mpaka m'tauni, mvula ikundinyowetsa, kuti mwina maganizo atope. Mapepala otumizira makobidiwo ndinawalemba, ndinawaika mu envulopu, koma envulopuyo inkangoyenda nane m'chikwama. Bambo a Tadala ankati, "Ingotumizani onse atatu mudziwe chilungamo." Kunena n'kosavuta. Likapezeka labodza, ndiye kuti agogo anapusitsidwa, munthu atagwira ntchito pansi pa nthaka zaka zonse zija. Nanga pa ana atatufe, labodzalo alandira ndani? Ndikapanda kutumiza, ndiye kuti ndipereka kwa m'bale wanga chinthu chimene ndikuchikayikira, n'kukhala chete. Zonse ziwiri zinkandikanika.

Lamulungu lapitali, titachoka kutchalitchi, ndinaimbira achimwene. Ndinawafotokozera zonse, za sikelo, za mtundu, za akatswiri. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Usavutike kulitumiza limenelo, Tiyamike. Ine ndikulidziwa."

Anandiuza za chaka chimene ndinapeza malo ophunzira kuno. Sukulu inali yolipiridwa, koma tikiti ya ndege ndi zina zonse zinali zathu. Akuti munawatenga kuti akunyamulireni chikwama, munakwera basi mpaka ku Limbe, kwa munthu wina wosula ndolo ndi mphete. Munagulitsa khobidi limodzi. Ndipo munthuyo anali ndi ena ongofanizira, opangira mikanda ya m'khosi, ndiye munagulako limodzi kuti m'kansalu muja mukhalebe atatu. Pobwerera munawalumbiritsa kuti asadzandiuze, chifukwa ndikanadziwa ndikanakana ulendo. Pamenepo simunaname, ndikanakanadi.

Ndinawafunsa kuti, "Ndiye mumati mudzatani tsiku logawana?"

Anati, "Ndimati ndidzayamba ine kusankha, poti ndine wamkulu. Ndikanatola limenelo."

Ndinangoti ndiimbanso, n'kudula.

Amayi, ine munandiuza kuti amayi a kumpingo ndiwo anasonkha. Anasonkhadi, achimwene akuti ndi zoona, koma zinangokwanira sutikesi ndi jekete. Mukukumbukira Lamulungu lomaliza ndisananyamuke? Ndinaimirira kutsogolo kwa mpingo wonse, ndinawathokoza amayi aja mmodzimmodzi powatchula maina, ndinalira. Inu munali pabenchi yachitatu, mutavala duku lanu lobiriwira, mukuwomba nawo m'manja. Zaka zonsezi ndabwera kumudzi kangati? Munakhala kuno miyezi itatu Tadala atabadwa, tikugona chipinda chimodzi. Munkapukuta khobidi limenelo limodzi ndi anzake, ine ndikuona, osasintha nkhope. Apa ndi pamene pakundisautsa. Sindikudziwa ngati ndakukwiyirani kapena ndadzikwiyira ndekha posafunsa kuti azimayi olima kachewere akanaipeza kuti tikiti ya ku Ulaya.

Tsono mmene tagwirizanirana ndi umu. Chisomo ndamuuza zonse. Ndine ndinachititsa kuti achimwene aswe lumbiro lija, ndiye musawadzudzule. Chisomo analira, kenako anaseka, akuti n'chifukwa chake chaka chimenecho munabwera kuchokera ku Limbe opanda ngakhale buledi. Khobidi lake ndalitumiza dzulo kwa akatswiri aja, iye atavomera. Ndinamufotokozera kuti adzalemba zoti linapukutidwa, ndipo iye anati alembe, bola wogula adziwe kuti ndi lenileni, asamutsitse mtengo pomukayikira. Ndikuona kuti pogulitsa kwa munthu wosakudziwa, pepala limenelo ndi lofunikadi. Yankho akuti litenga masabata angapo. Kupositi ndinaima pamzere dzanja lili m'thumba, nditalifumbata, ndipo nditalipereka ndinatuluka msanga kuopa kuti ndingalifunenso.

Achimwene akana kuti lawo lipimidwe. Akuti sakugulitsa, ndipo chinthu chimene bambo anu anachigwira, inu n'kuchigwira, iwo sangachione kudzera m'pulasitiki. Anayesa kulimbikira kuti atengebe lopepuka lija, tinakangana pang'ono, koma ndawauza kuti langa ndinalandira kale, ndinakwera nalo ndege. Chatsalacho ndi changa, ndipo sichipita kwa katswiri aliyense. Palibe chimene angandiuze choposa chimene ndamva.

Mwezi wa Ogasiti, sukulu zikadali zotseka, tikubwera ndi Tadala. Ndidzawapatsa achimwene khobidi lawo m'manja, ndidzanyamula khanda la Chisomo, kenako ndidzabwera kumene mwagona. Sindidzabwera ndi mpingo kapena ndi kwaya. Ndidzaima ndekha pafupi ndi mutu wanu, n'kunena mokweza mawu amene ndinapatsa anthu ena tsiku lija inu mukuwomba m'manja. Ndalonjeza, Amayi, ndipo musadzandiletse.

Ndimakukondani, ngakhale munandibisira.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike