Desiki ya Namizere

Lolemba, 3 Febuluwale
Namizere wakuwanso m'mawa wonse, manja kumakutu, mpaka kukabisala pansi pa tebulo langa. Dzinali ndinamupatsa ndine, poti amakonda kundandalika zitsekerero za mabotolo m'mizere. Mwanayu ali ndi otizimu, vuto lobadwa nalo la muubongo, si mwano ayi. Koma ahedi akuti kalasi si chipatala, akakuwanso sabata yamawa azikhala kunyumba. Anena n'kumenyetsa chitseko, monga mwa masiku onse. Kunyumbako akakhala ndi ndani? Mayi ake amalawirira kukasoka. Sindilola. M'kalasi mwanga sachoka.

Lachiwiri, 4 Febuluwale
Ndamatula matchati onse akutsogolo kwake, zenera ndatchinga ndi nsalu, mwina ndi zimene zikumusokoneza. Mnzanga wa kalasi yoyandikana akuti ndasandutsa kalasi chipinda cha odwala. Aseke, pakamwa m'pake.

Lachitatu, 5 Febuluwale
Wakuwabe. Mutu ukundiwawa.

Lachinayi, 6 Febuluwale
Mayi ake atabwera kudzamutenga ndawafunsa za kunyumba. "Aphunzitsi, kungosuntha kapu yake pashelefu, tsiku lonse lawonongeka." Pomwepo ndinazindikira. Ana osesa m'kalasi aja! M'mawa uliwonse amakankhira madesiki kukhoma, akatha n'kuwabweza chisawawa. Desiki yake lero ili pano, mawa apo. Ine busy ndi matchati, vuto lili pansi.

Lachisanu, 7 Febuluwale
Ndapempha penti wachikasu kwa akalipentala. Titaweruka ndagwada n'kulemba timabokosi pansi, mwendo uliwonse wa desiki kake. Namizere amangoyang'ana. Osesa ndawauza zobwezera desiki m'timabokosimo mpaka kutha mawu. Siketi yanga yabwino yapita ndi penti, basi.

Lolemba, 10 Febuluwale
Osesa aiwala! Ndinachedwa kumsonkhano wa aphunzitsi, pobwera ahedi ali pambuyo panga, desiki ili kutali ndi malo ake. Namizere anali atalowa kale, ataima, manja akukwera kumakutu. Ndinachita mantha zedi.

Kenako anayang'ana pansi. Manja aja anatsika. Anagwira desiki n'kuyamba kukankha, kwiii, kwiii, mpaka miyendo yonse inalowa m'timabokosi take. Anakhala, n'kutulutsa zitsekerero zake.

Ahedi anaima pakhomo kanthawi ndithu. Potuluka anakoka chitseko pang'onopang'ono, osamveka n'komwe.