Nsapato za Mawa ku Zemba

Lachisanu, 14 Febuluwale.

Tsiku loipa, mvula chiyambire m'mawa. Mawa tikasewera mpira wamanja ku Zemba, bwalo lawo matope okhaokha.

Poyeserera lero ndinavala majombo a amuna anga. Nditadumphira mpira, jombo imodzi inatsala m'matope, atsikana kuseka mpaka kugwa. Kusewera wopanda nsapato sindingathe, chala chakuphazi chomwe ndinadzitema ndi khasu chikadali chotupa.

Zatsala nsapato zoyera za kwaya basi. Koma dothi lofiira la ku Zemba silichoka, ndipo Lamulungu tikuimba ku parishi.

Amake Chisomo, otsogolera timu, anati, "Amake Tisa, mawa mudzangotisungira zitenje."

Zaka zonsezi wogoletsa ndine, lero ndikhale wosunga zitenje! Nsapato zoyerazo ndazitulutsa m'bokosi kawiri, kawirinso ndazibweza. Kunjaku mvula yakolezanso...