Mapiritsi a M'ndowa

17 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Nsapato zija ndinalandira, zamukwana Kadona ngati munachita kumuyeza. Pafoni munandifunsa ngati akudwalabe, ine n'kuyankha kuti anachira, koma nthawi imeneyo mlamu wanu anali pakhomo pomwepo akupukuta galimoto. Ndiye ndati ndilembe, kalatayi ndikaiponya ndekha popita kumsika.

Mukudziwa kuti mwana wanuyu anayamba kugwa khunyu ali ndi zaka zinayi, ndipo mapiritsi oyera aja ndi amene ankamugwira. Kutchalitchi kwathu kuli ndowa yabuluu imene amaiika kutsogolo Lamlungu lililonse. Mtumiki akakusanjika manja, umapita kukataya mankhwala ako m'ndowamo anthu akuimba. Amatiphunzitsa kuti womwa mankhwala akuuza Mulungu kuti walephera, ndipo wochiritsidwa akabwererako matenda amadza kasanu ndi kawiri. Inu munandichenjeza kuti munthu wolalikira vesi limodzi chaka chonse ndizimuonetsetsa, ine n'kukunenani kuti ndinu Mfarisi. Pepani. Baibulo langa likadali latsopano mpaka lero, timangolikweza m'mwamba povomera ameni.

Mwezi wa Malichi ndinataya mapiritsi a Kadona pamodzi ndi buku lake la kuchipatala. Anatha masabata atatu osagwa, ndipo ine, ndi pakamwa pangapa mukupadziwa, ndinaima kutsogolo n'kuchitira umboni mpaka mawu kusasa. Anatijambula, chithunzi chathu anachipachika pageti, chachikulu kuposa chitseko. Mlamu wanu anamutenga kukhala dalaivala wa Mtumiki, natipatsa nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa tchalitchi. Ili ndi magetsi ndi mpopi pakhomo, koma zenera lake linayang'anizana ndi ofesi ya Mtumiki.

Sabata yachinayi mwana anagwa m'khitchini, anadziluma lilime magazi mbwee. Bambo ake anathamangira kutseka chitseko n'kukweza wailesi. Atatsitsimuka mwanayo ndinati tipite naye kuchipatala, iwo anangondifunsa kuti ndikufuna tikagone kuti. Ndipo n'zoona, amene amakhala pazenera lolandirira mankhwala ndi mayi wotsogolera nyimbo kutchalitchi. Ndikangoima pamzere, nkhani ifika kuofesi ine ndisanafike kunyumba.

Tsopano mumve zimene sindinauze munthu. Lolemba lililonse ndimasesa m'tchalitchi, ndipo ntchito yokakhuthula ndowa ija kudzenje n'kutentha ndi yanga. Ndinayamba kumafufuza m'menemo ndisanayatse moto. Achemwali, mukadaona zimene anthu amataya, mukadalira: mankhwala a shuga, a mtima, timabotolo topopera mphumu, ngakhale magalasi a m'maso. Ndinafufuza masabata awiri osapeza kanthu, mwana akugwabe m'nyumba chitseko chili chotseka. Lolemba lachitatu ndinapeza timapulasitiki titatu todzaza ndi mapiritsi oyera, omwewo ndendende, ndipo panali dzina. Linali la mwana wa mayi osoka zovala, mtsikana amene amakhala desiki imodzi ndi Kadona. Mayi ake anali ataima kutsogolo dzulo lake n'kunena kuti umboni wanga ndi umene wawalimbitsa mtima.

Ndinaima padzenjepo nthawi yaitali ndithu. Nyumba ya mayiyo ili pafupi, kuwoloka msewu basi. Koma ndinabisa timapulasitikito m'bulauzi n'kuyatsa moto.

Kuchokera tsiku limenelo ndimapera piritsi ndi supuni n'kuthira mu tiyi wa Kadona. Sanagwenso. Bambo ake amatamanda Mulungu mokweza mawu, ngakhale ndikuganiza kuti supuniyo anaiona. Sandifunsa, nanenso sindiwauza, timangodya n'kupemphera.

Sabata yatha mwana wa mayi osoka uja anagwa atanyamula ketulo ya madzi owira. Wapsa mkono wonse mpaka m'khosi. Kuchipatala sanapite naye, akumudzoza mafuta a Mtumiki, ndipo ukalowa m'chipindamo fungo lake limakuuza kuti chilonda chikuipa. Dzulo masana mayiyo anabwera kwathu, tepi yoyezera ikadali m'khosi, nagwada pakhomo panga, munthu wamkulu kuposa ine.

“Mayi a Kadona,” anatero, “wanu sakugwa, wanga akugwa. Mtumiki akuti vuto ndi chikhulupiriro changa. Ndiuzeni, inu mumapemphera bwanji?”

Mapiritsi a mwana wawo anali m'chitini cha shuga pashelefu, kumbuyo kwawo komweko. Ndinawagwira manja n'kuwapempherera, ndipo pemphero lake linali labwino zedi, mawu ankangobwera okha. Anadzuka akuthokoza nati andisokera diresi. Sindinadzinyansepo ngati dzulo.

Mudzanena kuti ndingowapatsa n'kuwauza zoona. Ndaliganiza zimenezo mpaka mutu kuwawa. Lachinayi lililonse amayi timagwada kwa akazi a Mtumiki n'kuulula za m'sabatamo, ndipo mayiyu sabisa kanthu, amaulula ngakhale maloto. Akangonena, ife tili pamsewu ndi katundu, ndipo ndowa ija aipereka kwa wina. Komanso mapiritsi atsala a masiku asanu ndi anayi okha. Ndikawagawa pawiri, ana onse awiri agwa sabata yamawa. Mwezi ukubwerawu kuli msonkhano waukulu, ndipo andiuza kale kuti ndidzaima ndi Kadona kuchitiranso umboni pamaso pa alendo. Ndikuopa, achemwali. Ndikuopa Mtumiki, ndikuopa mlamu wanu, ndipo chochititsa manyazi n'chakuti ndikamapera piritsi ndimaganizabe kuti mwina ndikuchimwadi.

Ndikupempheni zinthu ziwiri. Pitani kuchipatala kwanuko mukafotokoze, dzina la mankhwala ndakopera kuseri kwa pepalali. Ngati angakupatseni, tumizani okwanira ana awiri, muwakulunge m'zovala zakale ngati za Kadona. Mufunsenso za mankhwala a chilonda cha moto. Mmene ndidzawaperekere kutsidya kwa msewu sindikudziwa, koma akhale alipo. Chachiwiri, mundilembere chaputala ndi vesi pamene analemba kuti mankhwala ndi tchimo, ngati palidi. Ndayesa kufufuza ndekha koma sindidziwa poyambira, zaka zisanu ndi chimodzi ndili m'tchalitchi. Poyankha musatchule za matenda, makalata amafikira kuofesi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mlamu wanu akupereka moni, akuti mudzabwere kumsonkhano mudzaone zodabwitsa. Kadona nayenso akupereka moni, ali bwino, wanenepa, masamu akukhoza. M'mawa uno wanyamula kapu yake ya tiyi kulunjika nayo pakhomo, ndipo nditamufunsa wati akukapatsa mnzake wopsa uja, chifukwa tiyi wowawayu ndi amene amachiritsa. Ndamulanda kapuyo, ndamukhazika pampando, ndipo ndamuimirira mpaka wamwa yense.

Mundipempherere, pemphero lanu lija lopanda phokoso.

Ndine mng'ono wanu,
Mayi a Kadona