Alamu Anakopera Nkhani ya Bambo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja ukutupabe, kapena mankhwala aja agwira? Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Ndalemba papepala dala, chifukwa foni yanu aliyense pakhomopo amaigwira, ndipo nkhaniyi ndikufuna muyambe mwaimva nokha.

Paja mukudziwa kuti ndikaweruka kunyumba yosamalira okalamba kuja ndimaphunzira za unamwino pa intaneti. Aphunzitsi timangowaona pa kompyuta, ntchito timatumiza momwemo. Mwezi watha anati aliyense alembe za wodwala amene anamusamalirapo ndi manja ake. Ine ndinalemba za malemu bambo: mmene tinkawatembenuzira maola awiri alionse kuopa zilonda, mmene ndinkawamwetsera madzi ndi supuni, ndi tsiku lija anakana kusamba mpaka titawameta ndevu.

Alamu, akazi a achimwene, ali m'kalasi lomwelo. Lamulungu lina anabwera kuchipinda kwanga, akuti mutu waima, ndiwaonetseko chabe mmene ndasanjira ndime. Mlamu wako ungamukanize zimenezo? Ndinawatumizira yonse pafoni, ine n'kupitiriza kusita yunifolomu. Yanga ndinati ndiikonzekonze kaye. Iwo anatumiza kusukulu tsiku lomwelo, dzina lawo pamwamba.

Sukuluyi ili ndi makina ofananiza zolemba. Ine nditatumiza Lachitatu, pepala linabwerera lofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Poti anayamba kutumiza ndi iwo, wakuba ndine. Andilembera kuti Lachisanu la sabata yamawa ndikaonekere pa vidiyo pamaso pa aphunzitsi atatu, ndipo ndikalephera kusonyeza kuti ntchitoyo ndi yanga andichotsa. Zaka ziwiri, Achemwali, kwatsala miyezi itatu yokha. Uthenga umene ndinawatumizira alamuwo ndinaufufuta foni itadzaza. Kupusa kwanga kumeneko.

Ndinapita kwa achimwene. Alamu sanatuluke m'khitchini, ankangogubuduza mapoto. Achimwene anati za pa intaneti zilibe mwini, ndiponso bambowo anali a tonse, ndiye nkhani yawo ndi ya banja. Akuti ndingonena kuti tinalembera limodzi. Ndinawauza kuti umenewonso ndi mlandu, tingachotsedwe tonse. Apo anayang'ana pansi n'kunena kuti ine ndilibe ana, ndikhoza kuyambiranso. Ndinadzuka osatsanzika.

Aphunzitsi ananditumizira mapepala onse awiri kuti ndione. Alamu sanasinthe ngakhale pamene ndinalemba kuti bambo anga anandigwira dzanja. Munthu amene ankaimira pakhomo, mpango pamphuno, n'kumafunsa ngati tatha. Zandiwawa kuposa kutchedwa wakuba.

Pempho langa ndi limodzi. M'sutikesi ya bambo, pansi pa jekete lawo, muli kope la buluu lija ndinkalembamo nthawi yowatembenuza ndi ya mankhwala. Muli masiku, muli dzanja langa, za ndevu zija zilimonso. Jambulani masamba onse pamalo owala, muone kuti zikuwerengeka, munditumizire lisanafike Lachitatu. Musaiwale chikuto, pali dzina langa.

Sindikubisirani chimene ndikukupemphani. Ndikaonetsa kopelo alamu achotsedwa, ndipo pakhomo pa achimwene sindidzapondanso. Achimwene aimbira amayi, ngati sanaimbe kale, ndipo amayi adzati chibale n'fupa sichiola, wamng'ono agonje. Ndagonja kambiri, inu ndinu mboni. Ulendo uno ayi. Achimwene ndi akazi awo akadzadziwa kuti anajambula ndinu, adzakudani pamodzi ndi ine, ndipo amene mukukhala pakhomopo ndinu, ine ndili kutali. Ndikudziwa zonsezi, komabe ndikukupemphani.

Mupereke moni kwa amuna anu, alamu anga a pakhomopo, kwa ana onse, ndi kwa azakhali, muwauze kuti magalasi awo sindinaiwale. Amayi muwapatse moni wanga ndi manja awiri. Kiyi wa sutikesi amasunga ndi iwo. Mukamawapempha musawanamize, auzeni zoona. Akakana, ndiimbireni, ndiwapemphe ndekha ndi pakamwa panga.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wa pakhomopo